Makiyi analipo, koma apt inkati palibe

Munali mu June 2023, chiperoni chili chochita kulowa m'mafupa. Ndinafika ku ofesi ku Ginnery Corner ndikuti ntchito ya lero ndi ya mphindi khumi basi: kukonza kamzere kamodzi pa app ya malisiti ya kasitomala wathu wa ku Limbe, kumanga image ya Docker (phukusi la app ndi zonse zofunika kuti iyende), kenako kukasaka tiyi. Nditalemba docker build pa seva yathu, zinthu zinakaima pa apt-get update, lamulo la apt, chida choikira mapulogalamu pa Linux ya Debian. Uthenga wake unali wakuti "The following signatures couldn't be verified because the public key is not available: NO_PUBKEY 6ED0E7B82643E131", ndipo m'munsi mwake akuti repository, nkhokwe yomwe apt imatengako mapulogalamu, siinasainidwe.

Dockerfile, fayilo ya malangizo omangira image imeneyo, ndinali ndisanaikhudze kwa miyezi itatu. Pa laputopu yanga inkamanga bwinobwino.

Kwa amene simunakumanepo nazo, apt siingomeza chilichonse chomwe yatenga pa intaneti. Imayamba yatsitsa fayilo ya InRelease, yomwe a Debian amaisainira, n'kufananiza siginechayo ndi makiyi omwe amabwera ndi debian-archive-keyring. Zili ngati wa ku banki kuyang'anitsitsa siginecha ya pa cheke asanatulutse ndalama. Kiyi ikasowa, apt imakana.

Mnyamata yemwe timagawana naye desiki anasuzumira n'kuti, "Achimwene, ingoikani trusted=yes tizipita, kasitomala akuimba." Sindinama, chala chinafika pa kiyibodi. Koma kutero n'kuuza wa ku banki uja kuti azingopereka ndalama kwa aliyense wobwera ndi pepala, ndiye app yake yomwe imagwira malisiti a anthu. Ndinakana.

Ndinataya maola awiri ndi theka la bandulo ndikutsitsa makiyi ndi gpg, kuwaika apa, kuwachotsa, kuwaikanso apo. Ena pa intaneti ankalangiza apt-key adv, chida chomwe a Debian anali atanena kale kuti tisiye kugwiritsa ntchito. Palibe chinasintha. Kenako ndinalowa mu container momwemo, malo otsekeka omwe image imayendamo, n'kuyang'ana mu /etc/apt/trusted.gpg.d. Makiyi onse anali phee pamalo pake, ya bookworm yomwe.

Mawu akuti bookworm ndi amene ananditsegula m'maso. Bookworm ndi dzina la Debian 12, pomwe ine ndinkadziwa kuti tili pa bullseye, Debian 11. Mzere woyamba wa Dockerfile unali FROM python:3.11-slim, wopanda dzina la Debian kumapeto. Debian 12 itatuluka mwezi womwewo, tag ija ya python:3.11-slim, dzina la image yomwe timayambirapo, inasamukira ku bookworm mwakachetechete, ife tili mtulo. Tsono seva yathu, kabokosi kakale kokhala pansi pa tebulo la akauntanti, inali ndi Docker yomwe palibe anaikweza chiikireni. Docker ili ndi sefa yotchedwa seccomp, yomwe imasankha ma system call (zopempha za mapulogalamu kwa Linux) amene container ingaloledwe kuitana. Yakaleyo sinkawadziwa ena atsopano amene mapulogalamu a mu bookworm amagwiritsa ntchito, ndiye inkangowakaniza. Apt inkalephera kuwerenga makiyi omwe anali pamphuno pake, n'kumadandaula kuti palibe.

Pofuna kuti kasitomala asiye kuimba, ndinasintha mzere uja kukhala python:3.11-slim-bullseye, ndipo image inamangika nthawi yomweyo. Loweruka ndinabwereranso kudzakweza Docker ndi libseccomp, ofesi ili zii, magetsi atachita chifundo osathima. Bookworm inadutsa popanda kudandaula.

Makiyi osowadi aliko, makamaka ukawonjezera repository ya anthu ena. Pamenepo kiyi umaitsitsa, kuidutsitsa mu gpg --dearmor, kuiika mu /etc/apt/keyrings, n'kuiloza ndi signed-by kuti izigwira pa repository yokhayo. Koma masiku ano ndikaona NO_PUBKEY pa repository ya Debian yeniyeni, ndimayamba ndafunsa docker version.

Ndisanatseke Loweruka lija ndinayendetsa grep pa ma Dockerfile athu onse kufuna trusted=yes. Ndinaipeza m'mafayilo awiri. Git blame, yomwe imanena amene analemba mzere uliwonse, inaonetsa dzina langa pa onse awiri, chaka cha 2021.