Mzere umodzi wa m'logbook

M'thumba la gauni langa loyera mumakhala kabuku kamene ndimakasamala kuposa foni. Ndi logbook. Ife a MBBS, ophunzira udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, tikangoyamba zam'mawodi, chilichonse chimene wachita ndi manja ako, kaya kuika kanula, kusoka bala kapena kubereketsa mayi, wamkulu amene anaona ayenera kusainira. Popanda siginecha ndiye kuti sunachite, ngakhale wodi yonse ikuikire umboni.

Mzere umene unkandisowetsa tulo unali wa lumbar puncture, kutenga madzi a pamsana kuja. Anzanga onse a m'gulu lathu anali atasainitsa kale. Ine ayi.

Usiku wina ndili pa call kuwodi ya ana, kunabwera kamnyamata ka zaka zinayi, thupi moto, khosi louma gwa. Malungo atayeza sanapezeke. A registrar, dokotala amene ankandiyang'anira, anati akuganizira meningitis, matenda oumitsa khosi aja, n'kundiyang'ana: "Uyu ndi wako." Mtima unagunda. Mantha analipo, komanso ndisaname, maganizo anathamangira kukabuku kaja.

Agogo ake anakana. "Adokotala, mwana wa aneba athu anamutenga madzi amenewo, sikunamuchere." Ndinayamba kuwafotokozera za m'buku, Chingerezi chikungolowerera m'Chichewa changa. Iwo phee, maso pansi, akumangamanga chitenje.

Anandipulumutsa ndi asisitala. Anakhala nawo pabenchi, osathamanga, n'kuwauza kuti ana ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale, ndiye chimene chimawatenga ndi matendawo, osati singano. Anawagwira kumsana, cham'munsi pafupi ndi chiuno: "Timabaya apa, amayi. Timatenga madontho chabe."

Agogo anavomera, koma ndi lamulo lawo: abaye wamkuluyo, osati "mwana wasukuluyu". Ndimaganiza kuti gauni landibisa, kani anali atandiona kalekale.

Ntchito yanga inakhala yomugwira mwanayo, atagona cham'mbali, mawondo pamimba, chibwano pachifuwa. Thukuta lake linanyowetsa mkono wa gauni langa. Madzi anatuluka oyererako ngati otsukira mpunga, pamene abwinobwino amakhala mbee ngati madzi akumwa. A registrar anandiuza kuti ndiwayang'anitsitse, ndisadzawaiwale. Mankhwala opha mabakiteriya a ceftriaxone anamuyamba usiku womwewo.

M'mawa anandisainira kuti ndinathandizira. Mzere woti ndabaya ndekha unadzadza patatha milungu itatu, kuwodi ya akuluakulu, pa bambo wina amene sanandifunse n'komwe kuti ndili chaka chanji.