Lipoti la ulendo wa ku Sophiatown, kwawo kwa jazi wa ku Joni

Gulu lathu la oyimba linanyamuka ku Blantyre pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Amene mudzatsatire, saksofoni muziyikumbatira pamiyendo. Ikapita kunsi kwa basi pamodzi ndi matumba, makiyi amapindika, mpweya n'kumathawira m'mbali.

Sophiatown anali amodzi mwa malo ochepa mu Johannesburg kumene munthu wakuda ankaloledwa kugula malo akeake, ndipo boma la tsankho silinagone nazo tulo. Pa 9 February 1955 apolisi 2,000 anafika m'mamawa n'kuyamba kusamutsira anthu ku Meadowlands, ku Soweto. Nyumba anagumula, azungu n'kumangapo zawo, dera n'kulitcha Triomf, kutanthauza chipambano. Dzina lakale linabwerera mu 2006. Tinaona tchalitchi cha Christ the King chimene chinapulumuka, kumene ankatumikira Bambo Trevor Huddleston, amene anapatsa Hugh Masekela, katswiri wa jazi, lipenga lake loyamba mu 1954. Kuyenda m'misewu ya zii ngati imeneyo, ukudziwa zimene zinkamveka pamenepo usiku, mtima umawawa.

Madzulo tinakhala pansi ndi anzathu a kumeneko kuphunzira marabi, muzu wa jazi wawo. Makodi (magulu a manotsi olizidwa pamodzi) ndi atatu basi: mu kiyi ya C mumayimba C, F, C, G, n'kubwereranso, osaleka. Wa besi ndiye mzati, asakometsere. Ife tinkalakwa pawiri: wa ng'oma ankathamanga lipenga likakwera, ndipo wa gitala ankadzaza mipata yonse, woyimba yekha n'kusowa popumira. Mankhwala ake ndi kutsitsa mawu ndi kumvera besi. Khutu la Mmalawi silisochera apa, chifukwa kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba imazunguliranso chimodzimodzi.

Kuzungulira kumeneku kumamasula woyimba. Munthu amene masana ankalamulidwa ndi chitupa cha pasi, usiku ankaima patsogolo n'kunena zakukhosi kwake popanda womudula. Gulu la Jazz Epistles, la Kippie Moeketsi, Dollar Brand, Jonas Gwangwa ndi Masekela, linajambula chimbale chake mu 1960. Pa 21 March chaka chomwecho apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, misonkhano inaletsedwa, gululo n'kubalalika. Ambiri anapita kunja. Moeketsi anamwalirira kwawo mu 1983, ufulu wa 1994 asanauone.