Zikomo nonse, koma iwe mnzake wa mwana wanga wandichititsa manyazi ndi chikondi

Abale, tabwerako. Mawu andithera ndi kukuwa, miyendo ikuphwanya ngati ndine ndimagwetsana, koma sindigona ndisanalembe. Mtsikana wathu wabwera ndi mendulo ya masewera ogwetsana (wrestling), wakhala nambala 3 m'gulu la makilogalamu 53. Ndi phewa lomwe lija linaguluka mu March! Ambuye, ulemu ndi wanu.

Nkhani ya kuchipatala mukuidziwa, sindibwereza. Amayi a mvano amene munasonkha ma rand olipirira mafizo, Mulungu akubwezereni pomwe munachotsapo. Achimwene a ku Turffontein, mafuta a galimoto yanu sitinawerenge, zikomo. Akochi, munakana kumuchotsa pa timu dzanja lili m'nsalu pakhosi, zikomo kwambiri.

Koma pali mwana mmodzi. Dzina sinditchula poti ndi wamng'ono, a timu mukumudziwa. Si Mmalawi, ndi wa konkuno, kwawo amayankhula Chizulu. Ndipo ali pa sikelo imodzi ndi mwana wanga, m'gulu lomwelo la makilogalamu 53, kutanthauza kuti mwana wangayo akanasiya, iyeyu njira ikanamutsegukira. Nanga anatani? Kuzizira kwa June kuno ku Joni mukukudziwa. Iye akaweruka kusukulu ankakwera taxi ku Rosettenville, kusintha m'tauni, mpaka kwathu ku Yeoville, chingwe cha labala chili m'chikwama. Ankachimanga pa chitsulo cha pawindo, n'kumuimika mnzake kuti azikoka pang'onopang'ono, iye akuwerenga mokweza, dzanja lake lili paphewapo kuti lisakwere m'mwamba. Mwana wanga akalira kuti basi zandikwana, ankangomuyang'ana n'kuyambiranso kuwerenga. Ine ndimafika usiku kuchokera kuntchito ku Randburg n'kupeza awiriwa ali pansi pabalaza, mbale zatsukidwa kale. Ya taxi ndikamupatsa ankaisiya pansi pa sugar.

Tsono lero m'mawa, atangotsika pa sikelo, anagawana buledi ndi nthochi, iye n'kumuluka mnzake tsitsi mizere iwiri yothina kuti lisamasuke pogwetsana, n'kumuyang'ananso zikhadabo oyimbira asanazione. Kenako ndandanda n'kutuluka: mu semi-final akumana okhaokha. Wina wavala zofiira, wina zabuluu. Mtima wanga unaima.

Zigawo ziwiri, chilichonse mphindi 2 basi, koma ine ndinakalamba pamenepo. Mnzakeyo sanamumvere chisoni mwana wanga ayi. Anamulowa m'miyendo, kumugwetsa, kumutembenuza, mpaka kupambana ndi mapointi. Ndipo ndikuthokoza chimenechonso, chifukwa akanamulekerera mwana wanga akanadziwa, ndipo zikanamupweteka kuposa phewa. Oyimbira atangomukweza dzanja anamukumbatira mnzakeyo, onse misozi. Patapita kanthawi, m'malo mokapuma kudikira fainolo yake, ndinamuona wagwada m'mbali mwa bwalo akukuwira mwana wanga pomwe amalimbirana nambala 3. Pamene mapewa a mtsikana amene amalimbana ndi mwana wanga anagunda pansi onse awiri, kutanthauza kuti tapambana, woyamba kudumpha anali iyeyo, ine ndinali nditatseka m'maso.

Iwe mwana wanga wachiwiri, ndikupatse chiyani ine?

Kwa amene munkati mtsikana wogwetsana adzasowa banja, komanso amene mumawerenga pa gulu la WhatsApp n'kungokhala phee, moni wanu tinalandira mumtima. Dziwani chabe kuti akazi akhala akugwetsana ku Olympics kuyambira 2004 ku Athens. Marwa Amri wa ku Tunisia anatenga mendulo ku Rio mu 2016, Blessing Oborududu wa ku Nigeria anatenga ya siliva ku Tokyo. Chithunzi cha Blessing ndi chimene chili pa foni ya mwana wanga, osati cha mnyamata. Za banjazo tidzakuitanani nthawi yake ikakwana.

Amayi ake a mtsikanayu, munalera. Sitimvana bwinobwino chiyankhulo, timangogwirana manja n'kumaseka, koma Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi mubwere ndi banja lonse. Usipa unafika pa basi sabata yatha, ufa ulipo. Atsikanawa adye mpaka akhute, za sikelo akochi adzaziona Lachiwiri.