Tsiku limene ndinamwa 93

Poti alamu anga afalitsa kale nkhaniyi Midrand yense, mpaka ena ayamba kunditchula Injiniya potuluka m'tchalitchi, bola ndiifotokoze ndekha. Ndiyambe ndi kukonza bodza: sindinamwe lita ya petulo. Ndinameza kamodzi kokha, mwina kawiri.

Komanso abwana pondilemba ntchito mu Julaye anandifunsa ngati ndimadziwa injini, ndipo ndinavomera ndi mtima woyera. Ndinagwira chigayo cha dizilo zaka 4 kwathu ku Tsangano. Iwo sanafunse kuti injini yanji. Mukudziwa kuti mu Julaye kuno ku Joni kapinga amakhala atapsa ndi chisanu, palibe chotchetcha, ndiye kathalakitala kotchetchera kapinga kanangokhala m'galaja, ine n'kumakapukuta fumbi ngati tinakulira limodzi. Mvula ya Okutobala itagwa kawiri, kapinga wa kikuyu anadzuka ngati wamva kuti kuli malipiro. Abwana ponyamuka kupita ku Durban anangosiya mawu akuti Loweruka kubwera alendo.

Lachinayi m'mawa ndinakwera, kuponda buleki, kupotokola kiyi. Kanangoti tcha! Basi. Apa ndinaganiza mwanzeru, ndipo gawo limeneli alamu anga salitchula. Batire ya mavoti 12 ikakhala miyezi isanu m'chisanu osagwira ntchito imagona. Ndinakoka majampa kuchokera ku bakkie (pikiapu), wofiira ku wofiira, wakuda pachitsulo cha injini, ndipo kanayamba kuzungulira ng'we ng'we ng'we, koma osagwira moto.

Ndinamasula pulagi. Youma gwa. Pulagi youma ndiye kuti petulo sakufika. Moto unalipo, ndinautsimikiza ndi chala changa mosafuna. Nditatsegula thanki, fungo lake linali la vanishi wa akalipentala. Petulo akakhalitsa amauluka mbali yake yopepuka n'kusiya phula lomata, ndipo phulalo limakatseka kabowo ka jeti m'kabuleta, kabowo koti singano yosokera sikalowa. Ndinapopa wakaleyo, kuthira watsopano, wa mtundu umene kuno amati 93, mpaka kukhosi kwa thanki, kumasula kambale ka pansi pa kabuleta, kutokosa jeti ndi kawaya ka bulashi, kubwezera zonse. Ng'we ng'we ng'we. Ndinazula paipi pa kabuleta kuti ndione. Ngakhale dontho.

Kuchigayo dizilo akakana kubwera tinkachita chiyani? Tinkayamwa.

Ndinagwada pasimenti, paipi m'kamwa, n'kukoka. Palibe. Ndinakokanso mpaka makutu kulira. Kachitatu ndinati ndikoke ndi mphamvu zonse za phala la m'mawa, ndipo dzanja langa pofuna pogwira linapeza kanthu kofiira pa paipiyo, kuseri kwa fyuluta. Ndinakagwira. Kanatembenuka.

Abale anga, kanali kampopi. Kampopi komwe kaja kali pa njinga yamoto ya kabaza aliyense ku Ntcheu. Mnzanga amene ndinalowa m'malo mwake anakatseka mu Meyi, monga amachitira munthu wodziwa ntchito, n'kupita osasiya uthenga. Thanki ili pamwamba, kabuleta ili m'munsi, petulo amatsika yekha popanda womukakamiza, ndiye taganizani akapeza munthu akumuitana.

Masaya anadzadza nthawi yomweyo. Poyamba amazizira, ndikuuzeni, kuzizira kwabwino ngati madzi a mumtsuko. Kenako amayamba kuyenda. Anakwera m'mphuno, anatulukira m'maso, ndinamumva akugogoda kuseri kwa makutu. Ndinazula paipi n'kuitseka ndi chala, koma kulavula ndinalephera, chifukwa ndinali nditagwada pakati pa simenti imene adona amaikonda kuposa ana awo, ndipo kapinga anali masitepe khumi kutsogolo. Ndinangoti njo, dzanja limodzi pa paipi, lina m'mwamba, masaya ali tutumu ngati nyani wogwidwa m'munda wa chimanga. Galu wa abwana anabwera, anandinunkhiza, anayetsemula, anachoka. Ndinaganiza za amayi anga. Ndinaganiza za mtengo wotumizira maliro kudzera ku Beitbridge ndi Mwanza. Ndinaganizanso kuti lita yadula chonchi, nanga amene ali m'kamwayu ndi marandi angati.

Nthawi imeneyo ndi imene anatulukira amayi ogwira ntchito m'nyumba, a ku Bulawayo, msinkhu wa mayi anga, atanyamula tiyi wa 10 koloko. Anaima. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, n'kufunsa ngati ndadzuka bwino.

Ine ndinaleredwa. Munthu wamkulu akakupatsa moni umayankha.

Ndi mmene ndinamezera. Amene akunena kuti ndinamwa chifukwa cha ludzu akunama, ndinamwa chifukwa cha mwambo. Amayiwo anakuwa, kufuna kuti ndisanze, koma anaimbira adona ndipo adonawo anati ayi, petulo sasanzitsa, akhoza kulowa m'mapapo, ndingochukucha m'kamwa ndipo ndikayamba kutsokomola kapena kubanika andithamangitsire kuchipatala. Sindinabanike. Ndinangogeya. Tsiku lonse ndikati gee, pabwalo pamanunkha filing'i sitesheni.

Kampopi katatseguka, injini inalira pa kiyi woyamba. Ndinamva ngati ndabereka mwana. Ndinachotsa phazi pa buleki, kutsika kuti ndimvetsere bwino mmene ikulirira. Inazima. Ndinakwera, kuliza, inalira. Kutsika, zii.

Munthu wa chigayo akaona injini ikulira pang'ono n'kuzima amadziwa kuti mafuta akuperewera. Ndinamasulanso kabuleta. Ndinauzira fyuluta, ndinaona kuti kamuvi kake kakuloza kolondola, ndinatokosa kabowo ka mpweya pa chotsekera thanki poopa kuti mwina kanatseka. Kukwera, kulira. Kutsika, kuzima. Kachitatu ndinayesa kutsika mozemba, mwendo umodzi kaye, nkhope nditayang'ana kumbali ngati ndilibe nako ntchito. Matako atangosiyana ndi mpando, kanadziwa. Apa ndivomere kuti maganizo ena anandifikira. Mnzanga uja anachotsedwa ntchito, ndipo sitidziwa kuti anachoka ndi mtima wotani.

Cha m'ma 2 koloko kamtsikana ka abwana ka zaka 9 kanabwera kuchokera kusukulu. Kanaima pakhomo la galaja chikwama chili kumsana, kanandionera maulendo awiri athunthu, kenako kanati, "Malume, bwanji simukungokhala pansi?"

Kanapendeketsa mpando n'kundionetsa kaswitchi ka pulasitiki kokhala ndi mawaya. Munthu akadzuka pampando buleki asanaikhome, kaswitchiko kamadula moto wa ku pulagi, kuti ukagwa thalakitala isapitirire yokha mipeni ikuzungulira. Kanaponda buleki, kanakoka kachitsulo koikhomera, kanatsika. Injini inapitiriza kulira ngati palibe chachitika. Kanalowa m'nyumba kukadya.

Koma inu weruzani. Chigayo cha ku Tsangano ndinkachiliza n'kupita kukagula zitumbuwa pamsika, pobwera n'kuchipeza chikugaya. Sichinafunsepo kuti matako anga ali kuti. Injini yofuna kukhaliridwa ngati nkhuku ya mazira ndinaiona koyamba tsiku limenelo. Ndipo jeti ija inalidi yotseka, ndinaiona ndi maso anga, kotero kumasula koyamba kunali koyenera. Kwachiwiri ndi kwachitatu tingakambirane.

Madzulo alamu anga anabwera kuchipinda changa kudzabwereka chaja. Atangotulutsa ndudu ndi machesi ndinawalumphira n'kuwakankhira panja, ndipo pofotokoza chifukwa chake ndi pamene ndinadzigulitsa. Anaseka mpaka kukhala pansi, akuti ndisayandikire mbaula mpaka Lolemba.

Kapinga ndinatchetcha Lachisanu, mizere yake yokhotakhota pang'ono, alendo sanadandaule. Pochapa ovolosi ndinapeza kasipuling'i kakang'ono m'thumba. Sindikudziwa kuti kanachoka pati. Kathalakitala kakuyenda bwinobwino, ndiye ndakasunga m'kabotolo ka mafuta odzola.