Dzanja la pamsana: mmene kalasi yathu ya kizomba inakulira

Tinayamba ndi maukwati. Ine ndi mayi a kunyumba tinkaphunzitsa akwati ndi aperekezi awo masitepe olowera mu holo, kuno ku Lilongwe. Kenaka akwati anayamba kupempha gule wovina awiri okha pakati pa anthu, ndipo apa mpamene tinaona kuti pali mpata. Magule amene ambirife tinakula nawo, monga chimtali ndi mganda, ndi a pagulu, aliyense amayendetsa thupi lake. Kugwira munthu n'kumuuza kolowera popanda kutsegula pakamwa ndi luso lina, lofunika kuliphunzira.

Tinasankha kizomba. Guleyu anabadwira ku Angola m'zaka za m'ma 1980, pamene semba wa kumeneko anakumana ndi nyimbo za zouk zochokera ku Caribbean, ndipo ambiri amatchula Eduardo Paim ngati tate wa nyimbo zake. Tinamukonda chifukwa ndi wodekha. Kwenikweni n'kuyenda chabe motsatira nyimbo, moti amene amatha kuyenda akhoza kuyamba tsiku lomwelo.

Tinabwereka holo, tinagula sipika imodzi, n'kuyamba kukumana Lachisanu lililonse madzulo, anthu akulipira pakhomo kapena pa Airtel Money ndi Mpamba. Ankabwera ndithu. Chimene chinkatisowetsa tulo n'chakuti amayi ndi atsikana atsopano ankabwera kamodzi, osabwereranso. Mayi a kunyumba atawaimbira foni, ambiri anadandaula chimodzi: amuna odziwa kale ankawakoka ndi manja, kuwazunguza, mwinanso kuwadzudzula nyimbo ili mkati. Munthu walipira ndalama yake kuti asangalale, n'kubwerera kwawo akudziona ngati mbuli. Zinandipweteka, chifukwa amunawo ndinawaphunzitsa ndine.

Tinasintha kaphunzitsidwe. Lero mwamuna aliyense asanaphunzire sitepe yokongola, amayamba waphunzira kumva phazi limene mnzake waimira. Nyimbo ikayamba sathamangira kuyenda. Amayamba wasendera kumanzere, kumanja, pang'onopang'ono, mpaka atatsimikiza kuti thupi la mnzakeyo lakhazikika pa phazi limodzi ndipo linalo lamasuka. Phazi lomasukalo ndi lokhalo limene lingasunthe. Kupondana kochuluka kumene mumaona pa phwando kumachokera apa: wotsogolera akufuna phazi limene mnzake walemererapo.

Chachiwiri ndi dzanja lamanja. Limakhala pamsana, m'munsi mwa phewa, chikhatho chonse, osati zala zobaya. Silikankha. Chimene chimayamba kusuntha ndi chifuwa cha wotsogolera, dzanja limangopereka uthengawo. Ndimawauza anyamata kuti thupi lidziwitse kaye, phazi libwere pambuyo, ndipo sitepe ikhale yaifupi. Mlendo safuna zambiri. Kusendera m'mbali, kuyenda kutsogolo ndi kumbuyo, basi, nyimbo yonse ikhoza kutha bwino. Sitepe yotchedwa saída, imene mkazi amatulukira pambali, timaisungira amene wayamba kumasuka. Akalakwitsa, wotsogolera amangomutsatira kumene wapita n'kuyambiranso, osanena kanthu.

Pali nkhani ya kuyandikana, imene kwathu kuno si yaing'ono. Ena ndi apabanja, ena ndi atsogoleri ku tchalitchi, ndipo anaona kizomba wa pa YouTube wovina mokumbatirana kwambiri. Lamulo lathu n'lakuti mtunda amasankha ndi wotsogoleredwa. Wotsogolera amafunsa mwaulemu, "Achemwali, tingavine?" kapena "Mayi, apa pali bwino?", ndipo yankho lililonse amalilandira.

Chimene chinathandiza koposa ndi kusinthanitsa mbali. Pa kalasi iliyonse amuna amatsinzina n'kutsogoleredwa kwa nyimbo imodzi. Poyamba ena ankanyinyirika, koma munthu akamva yekha mmene dzanja losokoneza limazunguzira mutu, sipafunikanso kumuuza zambiri.

Alendo anayamba kubwereranso, ena atatenga anzawo a ku ntchito. Maukwati sitinawasiye, makamaka nyengo ya chilimwe pamene Loweruka lililonse pamakhala ukwati, koma lendi ya holo tsopano imachokera ku Lachisanu. Theka la ola loyamba ndi la ongoyamba kumene, ndipo ophunzira athu akale amafika msanga kuti avine nawo. Nsapato zikhale zosagwira pansi kwambiri, ndipo sikofunika kubwera ndi mnzanu, mudzampeza konkuno.