Boti limene amalume amalitcha sefuliya

Pepala limene anandipatsa mkulu wina wopanga maboti, kufupi ndi Benoni, linali ndi mizere yoposa 20, uliwonse ndi kabokosi kochongamo pambali pake. Kapeti, chiwongolero chapakati, mipando yozungulira ngati ya mu ofesi, thanki yosungiramo nsomba zamoyo, magetsi, fish finder (kachipangizo koonetsa pamene pali nsomba), denga la nsalu, mpaka poika kapu ya tiyi. Ndinayenda nalo m'thumba masabata atatu pepalalo mpaka linayamba kung'ambika m'mopinda. Zaka 11 ndakhala ndikuyendetsa thiraki ku Joni, ndipo ndalama ya botili ndinaisonkha movutikira, choncho kabokosi kalikonse ndinkakawerengera maulendo a ku Durban.

Kwathu ndi ku Senga Bay, ku Salima. Sindinafune boti la bizinesi ayi. Chilimira ndi makoka ndi za eni ake. Ine ndinkafuna kaboti kopita nako kukawedza ncheni ndi kampango ndi mbedza cha ku Namalenje ndikabwera pa tchuthi, komanso kodzandisangalatsa ndikadzasiya msewu. Nditawaimbira amalume, amene akalambira panyanja pomwepo, n'kuwauza kuti ndikufuna la aluminiyamu, anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, ndalama zonsezo ukufuna ukagule sefuliya? Amisiri a matabwa ali pompano." Dzinalo linakanirira. Mpaka lero ana a padoko amati sefuliya yabwera.

Chimene ndinasankhira aluminiyamu n'chakuti ine pakhomo sindikhalapo. Boti lamatabwa limafuna mwini wake pafupi. Ukalisiya pamtunda miyezi isanu ndi umodzi matabwa amauma n'kusiya mipata, ukalisiya m'madzi limawola, ndipo chaka chilichonse pamafunika phula, thonje lomatira ndi penti. La aluminiyamu umalivundikira kuseri kwa nyumba, ukabwera umangochotsa akangaude. Aluminiyamu ndi wopepuka pafupifupi katatu kuyerekeza ndi chitsulo, ndipo sachita dzimbiri lofiira lija. Langali ndi lotalika mamita 4.2, ndipo anyamata anayi amalinyamula kuchoka kunyumba kufika pamchenga osapumira panjira.

Mzere woyamba pa pepalalo unali wa kapangidwe ka pansi, ndipo apa m'pamene ndinachedwapo kwambiri. Lophwatalala pansi linali lotsika mtengo, ndipo mkulu uja ankalitama kuti munthu umaimirira m'menemo osagwedera, komanso limalowa m'madzi osaya. Zonsezo n'zoona, koma iye ankanena za madamu monga Vaal ndi Hartbeespoort. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 500, ndipo mwera ukayamba mu Meyi mpaka Ogasiti, umafika pa Senga Bay utakusa mafunde kuchokera kutali. M'mawa madzi amatha kukhala bata ngati m'beseni, pofika 10 koloko nyanja yonse yayera thovu. Boti lophwatalala limamenya funde lililonse ngati mbama, msana umachita kumva, ndipo madzi amalowera kutsogolo. Ndinasankha lokhala ndi msana pansi, losongoka kutsogolo ngati chilembo cha V, loti lizing'amba funde. Likaima limapendama pang'ono munthu akasuntha, koma zimenezo aliyense wokulira m'bwato sizimudetsa nkhawa. Amene akanawedza ku Malombe kapena m'madambo a Shire, lophwatalalalo likanamuyenera.

Kenako nkhani ya kulumikiza, kuwotcherera kapena maliveti. Ndinafunsa madalaivala anzanga awiri amene ali ndi maboti, aliyense ananena zake. La maliveti limakhala lopyapyala ndi lopepuka, ndipo liveti ikagwedera umaimenya ndi hamala wina atagwirizira chitsulo kuseri, ntchito yoti ingatheke pansi pa mtengo wa mango. La kuwotcherera silidontha msanga, koma likang'ambika silifuna wowotcherera mageti wa pa Kamuzu Road. Aluminiyamu amafuna makina ake ndi mpweya wa argon, ndiye kuti ulendo wa ku Lilongwe boti lili pagalimoto. Ndinatenga lowotcherera ndithu, pansi pake pokhuthala mamilimita 3, m'mbali 2, chifukwa kwathu boti sitiliika pa thirela, timalikoka pamchenga tsiku ndi tsiku, ndipo mchenga umadya. Ndinawonjezetsa kachitsulo kena ka aluminiyamu kotsatira msana wonse kuti kazitha ndi komweko. Pa zonse zimene ndinalipira, ndalama imeneyi ndiyo sindinadandaule nayo ngakhale tsiku limodzi.

Injini sindinaganizepo kawiri. Anandionetsa ya four-stroke yokongola, yosamveka phokoso, yosamwa mafuta ambiri. Ndinakana. Pa doko lililonse kuyambira ku Nguwo mpaka ku Nkhotakota mukapeza Yamaha Enduro, ndipo makaniko aliyense wa m'mbali mwa nyanja amaimasula ngakhale usiku ndi tochi ya foni. Mapulagi, chingwe cholizira, kalabala kopopa madzi oziziritsa injini, zonsezo zimapezeka. Ndinatenga ya 15 hosipawa. Kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 40, ndiye madzulo ndimaimasula n'kukaigoneka m'nyumba, poti injini yosiyidwa pagombe imamera miyendo. Imafuna kusakaniza petulo ndi oyilo wa two-stroke, theka la lita ya oyilo pa malita 25 a petulo. Amalume amathira mongoyerekeza ndi maso, n'chifukwa chake ndinadula botolo n'kulemba mzere ndi penti yofiira.

Pali kanthu kena kamene ndikanakaphonya mkulu uja akanapanda kundifunsa, ndipo pamenepa ndimamuyamika. Thabwa la kumbuyo lomangirirapo injini limabwera pa misinkhu iwiri, mainchesi 15 kapena 20, ndipo mwendo wa injini uyenera kugwirizana nalo. Ukaika injini ya mwendo waufupi pa thabwa lalitali, pulopela imatuluka m'madzi pa funde lililonse n'kumangolira m'mwamba, injini n'kutentha. Ukaika ya mwendo wautali pa lalifupi, imakokera pansi n'kumagunda mchenga. Ndinasankha 20 ndi mwendo wautali, chifukwa funde lochokera kumbuyo ukamakocheza pagombe ndi limene limamiza maboti aang'ono. Mainchesi asanu amenewo amaoneka ochepa papepala, koma tsiku lina mu Julayi ndinaona funde likunyambita m'mphepete mwa thabwalo n'kubwerera.

Chiwongolero chapakati ndinachikana. Chimadya malo, chimabwera ndi zingwe zoti zidzaduke, ndipo injini ya 15 umaiwongola bwinobwino ndi dzanja uli kumbuyo. Kapeti nayenso ayi. Amene anatumbulapo kampango akudziwa kuti kapeti angamanunkhe mpaka Khirisimasi. Thanki ya nsomba zamoyo ndi ya anthu ochita mipikisano, amene amayeza nsomba n'kuibwezera m'madzi, nkhani imene nditawafotokozera amalume anangoti, "Azunguwo sakudwala?" M'malo mwake ndinagula bokosi la ayezi, limene limakhalanso mpando. Pampu ya magetsi yotulutsa madzi ndinailumpha chifukwa imafuna batire, pomwe chigubu cha malita asanu chodula pakamwa chimakapa madzi popanda waya.

Chimene ndinachonga mosazengereza ndi siponji youma ija yodzaza pansi pa mipando. Bwato likadzaza madzi limayandamabe, anthu amaligwiririra mpaka thandizo litabwera. Aluminiyamu wopanda siponjiyo amapita pansi ngati sefuliya yeniyeni, ndipo pamenepa amalume akanakhala kuti alondola. Ndinagulanso malaifijaketi anayi ndi kachingwe kofiira komangirira padzanja, kamene kamazimitsa injini woyendetsa akagwera m'madzi. Anyamata amandiseka nako kachingweka, amati ndi chibangili. Asekebe. Boti lopepuka chonchi likakutaya injini ikulira, limazungulira n'kubwereranso pomwe uli, pulopela ili m'madzi.

Botilo linabwera pamwamba pa katundu wa mnzanga, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kulowera pa Dedza, kenako kutsika Khwekhwerere pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba pa kona iliyonse. Za msonkho pachipata ndi zokalembetsa ku Marine Department ndidzalemba padera.

Tsopano zolakwitsa zanga, poti zilipo.

Pansi popondapo ndinakana kuikitsa, ati kupulumutsa ndalama. Tsiku loyamba kulowa m'madzi munali mu Okutobala. Tinanyamuka m'bandakucha zonse zili bwino, koma pofika masana chitsulocho chinali chitatentha ngati chiwaya cha tchipisi. Amalume, amene savala nsapato panyanja chibadwire, ananyamula mapazi onse awiri n'kuwaika pa bokosi la ayezi, n'kumandiyang'ana osanena kanthu. Atatopa ndi kukhala chete anati, "Ndiye pa sefuliyapa ndiwo zake ndife?" Panalinso phokoso. Pulayazi ikagwa, botilo limalira ngati belu la sukulu, ndipo iwo amalumbira kuti nsomba zonse za pansi zimamva. Mawa lake tinapita kwa kalipentala kukapangitsa timatabwa ta mlombwa toyala pansi, tochotseka potsuka, ndi ena a pamipando. Apa ndinakumbuka chenjezo la mkulu wa ku Benoni lakuti matabwa othiridwa mankhwala obiriwira aja asakhudze aluminiyamu, chifukwa mankhwalawo ali ndi kopa amene amaboola timabowo. N'chimodzimodzi tizidutswa ta waya wa kopa tosiyidwa m'madzi a pansi pa boti. Mabawuti onse tinaika a stainless.

Cholakwitsa chachiwiri ndi nangula. Ndinachonga kanangula kopinda, konyezimira, kobwera ndi chingwe cha mamita 15. Sindinaganize kuti boti lopepuka la m'mbali mwamutali mphepo imalikankha ngati beseni. Titafika pamalo pamene amalume amati pali ncheni, ndinaponya kananguloko monyadira. Sipanathe mphindi zisanu, mtengo umene iwo ankayezera pamtunda unali utasuntha kale. Chingwecho chinangoima chilili, kananguloko kakungokanda pansi. Chingwe cha nangula chimafunika chitalike kangapo kuposa kuya kwa madzi kuti chikoke chogona. Panopa tili ndi mamita 60, katcheni kolemera kumapeto, ndi nangula wa zitsulo zomangira nyumba amene anatiwotcherera mnyamata wa pamsika. Ngwoipa maonekedwe, ndipo timamukulunga m'chiguduli kuti asakande boti, koma akagwira wagwira. Kuyenda kwa boti ndi mphepoko kunandiphunzitsanso kusachoka pagombe popanda nkhafi ziwiri, ngakhale kupalasa botili mwera ukuwomba ndi chilango. Ndi mmene petulo wakhala akusowera zaka zapitazi, nkhafizo zagwira ntchito kuposa mmene ndinkaganizira.

Fish finder ndinaigula patapita chaka, yaing'ono, ya kabatire kake. Imaonetsa kuya ndi miyala bwino, ndipo imandithandiza ndikakhala ndekha. Amalume akakhalapo ndimaizimitsa, chifukwa iwo amalunjikitsa phiri la Senga ndi nsonga ya chilumba n'kunena kuti ponya apa, ndipo kawirikawiri kachipangizoko kamangovomereza. Chimene sikanganene n'chakuti zilumba za Maleri zili m'paki ya Lake Malawi National Park, ndipo suloledwa kuwedza mkati mwa mamita 100 kuchokera kugombe lake. Zimenezo umayenera kuzidziwa wekha.

Denga la nsalu ndi limene ndikulimbana nalo mumtima mpaka pano. Dzuwa la Novembala limandiuza kuti ndigule, mwera umandiuza kuti lidzakhala thanga londitengera kumene sindikufuna, komanso lizikola zingwe poponya. Pakadali pano tikuvala zipewa za mlaza.

Sabata yatha mlongo wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Boti silili kuseri kwa nyumba kumene ndinalivundikira. Lili pamadzi, amalume ali kumbuyo agwira injini, kachingwe kofiira kali padzanja. Nditawaimbira kufunsa anati amangofuna kuona ngati sefuliyayo sinayambe kudontha, ndipo ndikamabwera mu Disembala ndiwatengere mapulagi awiri ndi oyilo.