Mmene ndinadyetsera mudzi wonse makumba

Nditatopa ndi ntchito yokonza makompyuta m'maofesi a mumzinda wa Zomba, kumene msana wanga unapindikira pansi pa madesiki ndikusakasaka nthambo zosolokoka, ndinatenga ndalama zanga zopumira pantchito n'kukakumba damu la nsomba cha ku Domasi. Ndinaikamo mbewu ya makumba ndi chilunguni, ndipo alangizi anandiuza kuti ndiziwaza madeya komanso ndizithira manyowa a nkhuku pang'ono kuti madzi abiriwire, popeza nsombazi zimadya tizomera timene timaswana m'madzi otero. Koma munthu wa makompyuta akaona chinthu chikuchedwa amawonjezera mphamvu, choncho ine ndinakhuthuliramo matumba athunthu.

M'bandakucha wina ndinapeza nsomba zonse zili pamwamba pa madzi, kukamwa kuli yasa. Chimachitika n'chakuti usiku tizomera tija pamodzi ndi manyowa owola zimamaliza mpweya wa m'madzi, ndipo mlimi wodziwa amangoleka kuthira manyowa n'kulowetsa madzi atsopano pang'onopang'ono. Ine ndinali ndi njira yanga imene sinandigwiritsepo mwala muofesi iliyonse: kuzimitsa n'kuyatsanso. Ndinatsegula paipi yotulutsira madzi kuti damu liphwe ndilidzazenso mwatsopano, pamene sefa ya kukamwa kwa paipiyo inali pakhonde, poti dzana lake ndinaichotsa kuti ndiitsuke.

Madzi anatsata ngalande mpaka m'minda ya mpunga ya kumunsi, ndipo posakhalitsa ndinamva nthungululu. Amayi amene ankawokera mpunga anataya mbande n'kuyamba kuwolera nsomba m'zitenje, ana anabwera ndi mabeseni, ndipo mwamuna wina amene sanandipatsepo moni chifikireni changa m'mudzimo anandikwezera dzanja mwaulemu kwambiri. Ndinathamangira komweko ndikufuula kuti nsombazo zinali zanga, koma mzere wa m'munda wa mpunga ndi woterera, moti ndinakafika kwa anthuwo chagada, matope mpaka m'makutu.

Agogo ena anandidzutsa n'kundifunsa modekha kuti, "Mwanangu, zabwera ndi madzi m'munda mwanga. Kodi munazilemba dzina?"

Madzulo mkazi wanga anandiikira nsima ya makumba ootcha bwino. Nditamufunsa kumene anawapeza, anayankha osandiyang'ana: "Idyani, abambo. Ndagula kwa ana a kumunsi aja, ndipo anditsitsira mtengo atamva kuti ndine wa kunyumba kwanu."